Funsani Tikuyankheni: Ulendo wa ku Mathithi a Victoria

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale ku Kamwendo, kuno ku Mchinji. Chaka ndi chaka ndimaphunzitsa ana za mathithi a Victoria, koma ine mwini sindinawaonepo, pakuti ku Zambia ndimangofika ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Ine ndi mayi akunyumba tasunga kangachepe titagulitsa mtedza. Kodi tingathe kukaona mathithiwo osabwerako ndi ngongole?

YANKHO: Aphunzitsi, ulendowu ndi wotheka, ndipo inu a ku Mchinji muli ndi mwayi chifukwa chipata cha Mwami chili pakhomo panu. Mmalawi safunika viza polowa m'Zambia, koma pasipoti yanu ndi ya mayi zikhale zosatha ntchito, ndipo musadalire kachiphaso kodutsira malire kamene anthu amapitira ku Chipata, chifukwa sikoyendera ulendo wautali chotere.

Chimene chidzadye ndalama zanu kwambiri ndi msewu. Kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka pali makilomita pafupifupi 570, ndipo kuchokera ku Lusaka kukafika ku Livingstone, tauni ya pafupi ndi mathithiwa, pali enanso oposa 450, kotero muwerengere masiku awiri popita ndi awiri pobwera, kuphatikizapo malo ogona ku Lusaka. Mabasi ambiri amanyamuka ku Chipata mbandakucha, choncho ngati muli ndi mbale kumeneko, monga mmene alili anthu ambiri a ku Mchinji, kagoneni kwa iye ndipo tikiti mugule dzulo lake. Mayi akonze kamba wa mbatata yootcha ndi mtedza wokazinga, ngakhale tikudziwa kuti basi ikaima pafupi ndi mlatho wa Luangwa, fungo la nsomba zowamba limagonjetsa ngakhale munthu woumira.

Pa nkhani ya ndalama musamale kwambiri. Kwacha ya ku Zambia ndi yathu zimangofanana dzina, koma yawo ndi yamphamvu kutalitali, ndipo mtengo umene ukumveka wochepa m'khutu umasanduka waukulu mukauwerengera m'ndalama zathu. Popeza ndalama zakunja zimasowa m'dziko muno, yambani msanga kufunsa ku banki, m'malo modikira anyamata osintha ndalama pamalire, amene amawerenga mofulumira kuposa maso a mlendo. Dziwaninso kuti pakhomo lolowera ku mathithi mlendo amalipira zambiri kuposa nzika ya Zambia, kotero ndalama imeneyo muyiike padera musanayambe kugula zina.

Nyengo nayo muisankhe bwino, chifukwa mathithiwa, amene ndi otambalala mamita 1,708 ndipo pena amagwa mamita 108, saoneka mofanana chaka chonse. Mu Epulo mtsinje wa Zambezi umakhala wodzaza, ndipo nthunzi ya madzi imachuluka mwakuti munthu wowoloka kamlatho ka Knife Edge amanyowa ngati wagwidwa ndi mvula ya mu Januwale. N'chifukwa chake eni dera amati Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda. Mu Okutobala ndi Novembala mbali ya ku Zambia imatsala pang'ono kuuma, ndipo mungathe kuyenda mtunda wonsewo kukaona thanthwe lokha. Ife tikuona kuti tchuthi cha mu Ogasiti ndicho chokuyenerani, pakuti madzi amakhalapobe koma nthunzi siphimba maso. Foni ndi pasipoti muzikulunge m'pulasitiki, ndipo jumbo ya chakudya musaigwire poyera, chifukwa anyani a kumeneko anazolowera kulanda alendo.

Ku Livingstone pewani mahotela a m'mbali mwa mtsinje ndipo funani nyumba yogona alendo m'tauni, makamaka imene imalola munthu kudziphikira. Nsima ndi ndiwo za pamsika sizisiyana ndi zathu, ndipo Chinyanja ambiri amachimva. Za helikopita ndi zodumpha ndi chingwe pamlatho wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe zisiyireni a madola. Mlatho womwewo, umene unamalizidwa mu 1905, mungathe kuyendapo ndi miyendo mutapempha chilolezo kwa oona zolowa ndi kutuluka, ndipo monga mphunzitsi musabwerere osalowa mu Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934 ndipo imasunga makalata ndi katundu wa David Livingstone, amene anaona mathithiwa mu 1855.