Unakhalapo m'mbali mwa bwalo la ndani?

Mdzukulu wanga wa ku Lilongwe wanditumizira uthenga pa WhatsApp, ndipo mwana wa aneba ndiye wandiwerengera, poti maso angawa ayamba chifunga. Akuti: "Agogo, ine ndimavina, ndipo mavidiyo anga ndimawaika pa TikTok. Ndichite bwanji kuti anthu ambiri azindionera?"

Iwe mwana, kuvina si mlandu, usade nkhawa. M'banja mwathu muno miyendo yopepuka ilimo kuyambira kale. Koma za kuchulukitsa anthu okuonera ine sindizidziwa, ndipo sindinazifunepo. Ukanandifunsa kuti uziyang'ana ndani, ndiye bwenzi ndikukonza pakhosi.

Ndili mnyamata ku Joni, tsiku lina tinalowa m'bayisikopo n'kupeza filimu yakale ya ku America, yotchedwa Stormy Weather, ya m'chaka cha 1943. Osewera ake onse anali anthu akuda. Chakumapeto, Cab Calloway ali pakati poimba ndi gulu lake, munatulukira anyamata awiri ovala masuti, nsapato zawo zili ndi tizitsulo kunsi, gule uja amati tap. Anadumphira pa matebulo a oimba, pa piyano, kenako n'kukwera masitepe aatali oyera. Potsika ndiye panali nkhani. Wina ankadumpha mutu wa mnzake n'kukagwera pa sitepe yotsatira atatangadza miyendo, winayo n'kuteronso, mpaka pansi, ndipo podzuka sankagwira pansi ndi manja. Mnzanga amene ndinakhala naye anagwira m'chiuno ngati wagwa ndi iyeyo. Tinatuluka tikukangana ngati anthu aja anali ndi mafupa.

Anali pachibale, Fayard ndi Harold Nicholas. Wamkulu, Fayard, anabadwa mu 1914, mng'ono wake mu 1921. Makolo awo anali oimba pa Standard Theatre mumzinda wa Philadelphia, mayi pa piyano, bambo pa ng'oma. Tsono mvetsa apa. Fayard sanapite kusukulu ya magule. Ankangokhala pampando wakutsogolo makolo ake akugwira ntchito, n'kumayang'ana ovina akuluakulu amene ankadutsa pamenepo, lero awa, sabata yamawa ena. Akafika kunyumba ankayeserera zimene waona, ndipo zikamulowa m'thupi ankaphunzitsa mng'ono wake. Pofika mu 1932 anali akuvina ku malo achisangalalo otchedwa Cotton Club ku Harlem, mumzinda wa New York, Harold ali ndi zaka 11 zokha.

Nditamva mbiri imeneyi sindinadabwe, chifukwa ndi mmene ifenso tinkachitira kwathu ku Dowa. Mwana sankangolowa mu mganda ayi. Chaka changa choyamba ntchito yanga inali yotola mapesi ndi udzu wowambira ng'oma. Ukasonkha moto, umaika ng'oma chapatali pang'ono, n'kumaigogoda ndi chala kuti umve ngati yakoka. Ukaiyandikitsa kwambiri chikopa chimapsa, ndipo khofi lake umakalisimba kwa amako. Chaka chachiwiri ndinkanyamula madzi ndi kusita makabudula oyera a akuluakulu ndi nsimbi ya makala. Malume anga, amene anali mkulu m'boma lathu, ndiye kuti gulu la mganda, sanandiuzepo ngakhale tsiku limodzi kuti phazi uziponda chonchi. Ankangoti khala apo. Ndiye ndinkakhala, fumbi lili m'kamwa, maso ali pa mapazi awo, pa mapewa, pa mmene ankatembenukira onse pamodzi ngati munthu mmodzi. Usiku kuseri kwa nkhokwe ndinkayesa ndekha, galu yekha ndiye ankandionera. Tsiku limene anandikodola kuti ndilowe pamzere, kumapeto kwenikweni, miyendo inali ikudziwa kale. Ndimakumbukirabe fungo la wowuma pa malaya aja, ndiponso mayi anga akuimba nthungululu ngati ndakhoza mayeso.

Masiku ano mumaona gule pafoni m'mawa, masana mwajambula kale. Sindikunyoza, foniyo ndi imene yandionetsanso anyamata a Nicholas patatha zaka zambirimbiri, ndipo ndinamuuza mwana wa aneba kuti abwereze katatu. Koma pafoni mumaona kamphindi kamodzi kokonzedwa bwino. Simuona wovina akupuma wefuwefu, akuphonya sitepe n'kuibisa mwaluso, akumvetsera wang'oma kuti asinthe. Zimenezo zimaoneka ukakhala pafupi, mlungu ndi mlungu, thukuta lake likukugwera.

Abale awiri aja anthu ankawaonera, inde, koma usaganize kuti zinawayendera myaa. Nthawi imeneyo tsankho ku America linali lokhwima. Ku Cotton Club ovina anali akuda, odzaonera anali azungu. M'mafilimu ambiri a ku Hollywood, monga Down Argentine Way wa mu 1940, sankawapatsa mbali m'nkhani ya filimuyo. Ankangotulukira, kuvina, n'kuzimiririka, kuti eni mabayisikopo a kummwera kwa dzikolo athe kudula gawolo ngati sakufuna kuonetsa anthu akuda. Mu 1948 anavina limodzi ndi wovina wachizungu Gene Kelly mu filimu ya The Pirate, ndipo kumalo ena gawo limenelonso analichotsa. Harold anakakhala zaka zingapo ku France. Ulemu waukulu wa dziko lawo, Kennedy Center Honors, unabwera mu 1991, onse ali ndi imvi. Nanga akanakhala kuti ankavinira kuwerenga anthu owaonera, si bwenzi atasiya kalekale? Atakula anayamba kuphunzitsa ena, ndipo pakati pa amene anadutsa m'manja mwawo panali Michael Jackson ndi mlongo wake Janet, awo amene inu mumawadziwa. Harold anamwalira mu 2000, Fayard mu 2006.

Tsono pali kanthu kena kamene amako anandinong'oneza, ndipo sikanandisangalatse. Akuti amene amakugwirira foni ukamavina ndi mng'ono wako, dzuwa lili phwee, ndipo akagwedeza dzanja umamukalipira. Akuti iyenso ukachoka amayeserera kuseri kwa bafa. Mwanayo wakhala m'mbali mwa bwalo lako miyezi yonseyi, iwe osaona. Fayard anali wamkulu ndi zaka pafupifupi 7, msinkhu woti akanati kamwana aka kandichedwetsa. Pa masitepe aja, amene ankadumpha mutu wake anali mwana yemweyo amene iye anamuphunzitsa, ndipo ankaweramira dala kuti adutse bwino.

Ku Lilongwe ovina achikulire alipo, m'magulu a zachikhalidwe, m'makwaya, ngakhale pa maukwati. Upeze mmodzi, umupatse moni wa manja awiri, umunyamulire chikwama, foni ikhale m'thumba. Akakufunsa kuti ukufuna chiyani, uziti mwabwera kudzaona basi.

Pa Khirisimasi mubwere nonse awiri ndi mng'ono wakoyo. Ng'oma ya malume anga ikadali padenga, chikopa chake chinadyedwa ndi makoswe, koma mbuzi yoti tiphe ilipo. Msomali wokhomera ndidzasema ndekha, inu mudzatole mapesi.