Impso zikafooka, mtima nawo umavutika

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene adokotala ku Queens akuyezera mtima wa mayi anu pomwe vuto lawo ndi impso. Adokotalawo akuchita bwino ndithu. Impso zikafooka, mchere ndi madzi zimatsalira m'thupi, BP n'kukwera. Komanso phosphorus ndi calcium, zomwe ndi michere ina ya m'thupi, zimakanirira m'mitsempha ya magazi, mitsemphayo n'kuuma gwa ngati paipi yakale. Mtima umapopa movutikira mpaka mnofu wake kukhuthala. Ambiri odwala impso amamwalira ndi mtima kapena sitiroko asanafike n'komwe pa dialysis (kusefedwa magazi ndi makina m'malo mwa impso), ndipo zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Chonde mayi anu achepetse mchere, ngakhale wa m'nsomba zouma uja. Mankhwala a BP asamadumphitse. Brufen ndi Diclofenac asamwe, zimapweteka impso. Mapazi akatupa kapena akamabanika pogona, thamangirani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.