Kodi sumo ndi anthu onenepa ongokankhana basi?

Bambo wina wandilembera imelo. Akuti mu Seputembala akupita ku Tokyo kukachita maphunziro a kuntchito, ndipo anzawo akuwakakamiza kuti akaonere sumo, masewera olimbana a ku Japan. Funso lawo ndi lakuti: "Chosangalatsa n'chiyani poonera anthu onenepa akukankhana kwa masekondi ochepa chabe?"

Pitani, bambo, mwachita mwayi. Mipikisano ikuluikulu ya sumo imachitika kasanu ndi kamodzi pachaka, uliwonse masiku 15, ndipo wa Seputembala umakhala ku Ryogoku Kokugikan mu Tokyo momwemo. Tikiti mugule msanga.

Lamulo lake n'losavuta. Wagonja ndi amene watuluka m'bwalo, kapena wakhudza pansi ndi chiwalo china osati mapazi. Bwalolo ndi la dothi lotsendera, mamita 4.55 m'mimba mwake. Sasiyanitsa olemera ndi opepuka, n'chifukwa chake anthu amakuwa kwambiri wamng'ono akagwetsa chimphona.

Koma mukangodikira kugundana kokhako, mudzabwerako mukudandaula ndalama zanu. Nkhani yagona pa mphindi zimene asanayambe, zomwe kwa akatswiri apamwamba zimafika zinayi. Amatsuka m'kamwa ndi madzi, amatapa mchere n'kuuwaza m'bwalo poliyeretsa monga mwa chipembedzo cha Shinto, amanyamula mwendo m'mwamba n'kuponda pansi mwamphamvu. Kenako amanjuta, kuyang'anizana diso ndi diso, n'kudzukanso kukatapa mchere wina. Palibe wenzulo. Onse awiri akagunda pansi ndi zibakera, basi zayambika. Apo musayang'ane mimba ayi. Yang'anani manja akusakasaka lamba wa mnzake, ndi zala za kumapazi zikukanirira pa mkombero wa udzu.

Ambiri amafika cha m'ma 4 koloko madzulo pamene akatswiri akuyamba, ndipo pofika 6 koloko zonse zatha. Ine ndikuti lawirirani. M'mawa mumalimbana anyamata ongoyamba kumene, ena owonda ndithu, holo ili pululu, moti mitu ikagundana mumamva phokoso lake.

Mudziwenso kuti mwa akatswiri, amene wapambana kasanu ndi katatu pa masiku 15 amakwera pa mndandanda wa maudindo, wolephera amatsika. Ndiye tsiku lomaliza, munthu amene wapambana 7 n'kugonja 7 ndi wofunika kumuonetsetsa. Alendonso alimo: Hakuho wa ku Mongolia anatenga chikho ka 45, kuposa wina aliyense.

Za mipando, ya pansi ija mumavula nsapato n'kukhala pa khushoni anthu anayi mothinana. Ngati mawondo amakuvutani, gulani ya m'mwamba, ndi yotchipanso.