Kwa mphwanga wa ku Domue amene Chingerezi chimamuuma pakamwa

Mphwanga, funso lako ndaliwerenga usiku wathawu. Wati uli kalasi 11 ku Ulongue, pa mayeso olemba a Chingerezi umapeza 13 kapena 14 pa 20, koma munthu akangokulankhula Chingerezi lilime limakakamira kumwamba. Wati maso ako ali pa maphunziro a zamigodi ku sukulu ya ukachenjede ya ISPT ku Tete, ndiye ukufunsa ngati ugule buku lalikulu la galamala kapena ulipire esplikasau, maphunziro apadera olipira a kunja kwa sukulu. Ndaona ena akuyankha kale kuti buku, ena esplikasau. Ine ndalama yakoyo ndikuti uyambe waisunga kaye, ndikuonetse pamene pagona vuto.

Chingerezi changa ndinachitola ku Dedza nthawi ya nkhondo, makolo atathawa nafe kuwoloka malire. Tinabwerera kuno ku Mozambique utabwera mtendere wa 1992, ndipo kuchokera apo ndaphunzitsa ana ambiri a ku Angónia ndi ku Tsangano. Chimene ndaona n'chakuti ana a kuno amalakwitsa malo amodzimodzi, chaka ndi chaka, ngati anapangana. Sikuti ndi umbuli ayi. M'mutu mwako muli kale zilankhulo ziwiri, Chichewa cha kunyumba ndi Chipwitikizi cha kusukulu, ndipo ukafuna kulankhula chachitatu ziwirizi zimathamangira kutsogolo kukakuyankhira. Pena zimakuthandiza, pena zimakugwetsa m'dzenje. Galamala imene ukufunika iwe ndi kudziwa kuti chiti chimathandiza pati.

Ndiyambe ndi pamene Chichewa chimakupatsa mwayi umene mwana wa ku Maputo wolankhula Chipwitikizi chokha alibe, ndiye nthawi za aneni. Tenga mneni kudya. Ndimadya, ndikudya, ndadya, ndinadya, ndinkadya, ndidzadya. Kamphatikiza kamodzi kapakati ndi kamene kakusintha zonse, ndipo Chingerezi chimagawa nthawi pafupifupi momwemo. Ndimadya nsima tsiku lililonse ndi "I eat nsima every day". Ndikudya panopa ndi "I am eating now". Ndadya, kutanthauza kuti m'mimba mudakali modzaza, ndi "I have eaten". Ndinadya dzulo ndi "I ate yesterday". Ndinkadya ndili mwana ndi "I used to eat". Ana ambiri amavutika miyezi ndi miyezi ndi chimene aphunzitsi amati present perfect chifukwa amachifunafuna m'Chipwitikizi, m'mene "comi" yemweyo amagwira ntchito ya ndadya ndi ya ndinadya, ndipo "tenho comido" ndi nkhani ina. Siya Chipwitikizi pamenepa. Dzifunse m'Chichewa kuti ndikufuna kunena ndadya kapena ndinadya, yankho ulipeza pomwepo. Msampha ndi umodzi: ife timatha kunena kuti ndabwera dzulo, ndipo palibe amatidabwa, koma Chingerezi sichilola "I have come yesterday". Ukangotchula dzulo, sabata yatha kapena chaka, bwerera ku "I came".

Ka s ka pa "she works", "he goes" nako kasakuopse. Iwe umati chimanga chapsa, mbatata yapsa, maungu apsa, zipatso zapsa, osaganiza n'komwe. Munthu wosenza migwirizano yonseyi angalephere ka s kamodzi? Chofunika kuloweza ndithu ndi aneni osatsata lamulo aja, go went gone, buy bought bought, ndi anzawo. Usawaimbe ngati nyimbo ya pamzere. Tenga asanu pa tsiku, aliyense umuike m'chiganizo cha zimene wachitadi: "I bought tomatoes", "my uncle sold potatoes at Lizulu".

Tsopano pamene Chichewa ndi Chipwitikizi zimagwirizana kukunamiza, ndipo apa ndi poopsa chifukwa mboni ziwiri zikanena chimodzi munthu umakhulupirira. Timati ndili ndi zaka 17, Chipwitikizi chimati "tenho 17 anos", ndiye mwana amanena mosakayika kuti "I have 17 years". Chingerezi chimati "I am 17 years old". Ndili ndi njala, "estou com fome", nayo imabala "I am with hunger" m'malo mwa "I am hungry". Nyumba yaikulu, "casa grande", koma Chingerezi chimatsogoza chofotokozacho, "big house". Kukugwa mvula, "está a chover", mwana n'kulemba "is raining", pamene Chingerezi sichiyenda popanda mwininkhani, ngakhale wongoikapo: "it is raining". Mafunso nawonso. Ife timangoika kodi kutsogolo, Chipwitikizi chimangokweza mawu kumapeto, ndiye timamva "where you live?" tsiku lililonse. Tenga do, does ndi did ngati kodi wa Chingerezi, kungoti kodi ameneyu amasenza nthawi. Akasenza iye, mneni amapuma: "did you go", osati "did you went".

Chipwitikizi pachokha chimakupatsa mawu ambirimbiri aulere. Information, education, important, possible, geology, onsewa ukuwadziwa kale, wangotsala katchulidwe. Koma pakati pawo pali ena ovala nkhope ya m'bale ali alendo. Ndinkakonzekeretsa mnyamata wina amene anaitanidwa kukafunsidwa mafunso a ntchito pa kampani ina ku Moatize. Ndinakhala ngati bwana, ndikumufunsa chimene adzachite akalembedwa. Anaongola khosi n'kunena kuti "I pretend to work very hard". Iye ankaganiza za "pretender", kufuna kapena kulinga, koma chimene ananena n'chakuti ndidzanamizira kulimbikira ntchito. Tinaseka mpaka misozi, koma akanakanena kumeneko sakanaseka. Mawu ake ndi "I intend". Ena a mtundu womwewu: library ndi nyumba yowerengeramo mabuku, si "livraria" yogulitsa, parents ndi bambo ndi mayi okha, si "parentes" onse, actually satanthauza "actualmente", lunch ndi nkhomaliro yeniyeni, si "lanche". Ine zinandigwira mobwerera. Nditangobwera kuchokera ku Malawi ndinakankha chitseko cha ofesi ina ku Tete ndi mphamvu zanga zonse chifukwa panalembedwa "puxe", ine n'kumawerenga push, mlonda akungondiyang'ana. Patula masamba anayi kumapeto kwa kope lako, uzilembamo mawu oterewa ukakumana nawo.

Popeza ukufuna zamigodi, samala ndi manambala. Kusukulu kwathu 1.500 ndi chikwi ndi mazana asanu, ndipo 1,5 ndi chimodzi ndi theka. M'Chingerezi kadontho ndi kamchira zimasinthana malo: 1,500 ndiye chikwi ndi mazana asanu, 1.5 ndiye chimodzi ndi theka. Pa lipoti la matani a malasha kulakwitsa kumeneku si kwamasewera. Pakamwa napo, fifteen ndi fifty, thirteen ndi thirty, zimasokoneza ngakhale akuluakulu. Ukakayika funsa kuti "one five or five zero?", palibe amene adzakuseke.

Za the ndi a ndingodutsapo. Chichewa chilibe, Chipwitikizi chili nazo zochuluka kuposa Chingerezi, n'chifukwa chake umamva "the life is difficult" pamene pakufunika "life is difficult". Izi zimalowa ndi kuwerenga, ndipo palibe amene analephera kumvana ndi mnzake chifukwa cha the.

Zimene zimasokonezadi womvera ndi ziwiri zochokera kwathu. Choyamba he ndi she. Ife iye ndi iye, kaya ndi mayi kaya ndi bambo, ndiye pothamanga timati "my mother, he is a farmer". Apa bwereka Chipwitikizi, chifukwa "ele" ndi "ela" sumazisokoneza. Chachiwiri l ndi r. M'Chichewa kaya unene bwela kaya bwera, tanthauzo silisintha, koma pray ndi kupemphera pamene play ndi kusewera, ndipo rice amadyedwa pamene lice ndi nsabwe. Komanso mawu athu onse amathera pa lembo la liwu, ndiye pakamwa pamafuna kuwonjezera i kumapeto, book n'kukhala buku, and n'kukhala endi. Dzijambule mawu pa foni ukuwerenga ndime imodzi, kenako udzimvere. Tsiku loyamba udzachita manyazi ndi mawu ako omwe, ndikudziwa, inenso zinandichitikira. Pitiriza basi.

Koma mphwanga, 13 ndi 14 zako zija zikusonyeza kuti galamala uli nayo yokwanira kuyambira. Chimene chikukumanga ndi mantha ndi ulemu. Tinaleredwa kuti polankhula ndi wamkulu uzolike, mawu atsike, usachulutse zonena. Kumudzi ndi khalidwe labwino ndipo usalitaye. Koma pamaso pa munthu amene akukufunsa mafunso a ntchito kapena a sukulu m'Chingerezi, kuyang'ana pansi ndi kunong'ona amakutenga ngati sukudziwa kapena ukubisa kanthu. Dzutsa mutu, umuyang'ane, mawu amveke mpaka pakhomo. Ndiye poti Chingerezi chilibe inu ndi iwe, aliyense ndi you kaya ndi agogo kaya ndi khanda, ulemu wake umakhala m'kapangidwe ka pempho. "Give me water" ndi mwano. "I am asking for water", imene timaitenga ku ndikupempha ndi ku "estou a pedir", imamveka koma ndi yachilendo kwa eni ake. Zolowera "could I have some water, please" ndi "could you help me". Ndibwereke cholembera si "borrow me", ndi "could you lend me your pen". Ndipo kumva kwathu kumene kumagwira ntchito ya khutu, ya mutu ndi ya thupi, Chingerezi chimakugawa patatu: hear, understand, feel. Ukati "I am not hearing you" munthu amangokweza mawu, pamene iwe umafuna afotokozenso.

Pali ziganizo zitatu zimene ndimafuna mwana aliyense aziloweze mpaka azitha kuzinena ali m'tulo: "could you say that again, please", "could you speak more slowly" ndi "what does this word mean". Ana ambiri akapanda kumva amangoti yes, yes, n'kumwetulira. Safunsa anadya phula. Ndinaonapo mtsikana wanzeru zake atafunsidwa kuti unabwera bwanji kuno, iye n'kuyankha kuti yes. Munthu amene wapempha kuti abwerezedwe amaoneka kuti akutsatira nkhani, ndipo amapeza kamphindi kokonza yankho.

Polemba uthenga kapena kalata, fupikitsa. Makalata a Chipwitikizi amakonda kuzungulira ndi maulemu ataliatali asanafike pa mfundo, ndipo ife Achewa timayamba ndi moni wa banja lonse. Ya Chingerezi imanena m'chiganizo choyamba kuti ndine yani ndipo ndikufuna chiyani. Ukumbukirenso kuti I, masiku a sabata, miyezi ndi maina a zilankhulo zimayamba ndi lembo lalikulu.

Poyeserera suli kutali ngati mmene ukuganizira. Chigawo chathu cha Tete chazunguliridwa ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, konse Chingerezi ndi cha boma, ndipo Mozambique yemwe analowa Commonwealth, bungwe la maiko amene ambiri mwa iwo amagwiritsa ntchito Chingerezi, mu 1995. Wailesi za ku Malawi monga MBC ndi Zodiak zimawerenga nkhani m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mvera za Chichewa kaye, udziwe zimene zachitika, kenako umvere za Chingerezi, uona kuti mawu ambiri ukuwagwira wekha popanda dikishonale. Wina akamapita kumalire ku Calomue kapena ku Lizulu umutume nyuzipepala yakale ya The Nation kapena The Daily Times, ngakhale yokulungira katundu, uziwerenga mokweza nkhani imodzi madzulo alionse. Kungoti abale athu a kutsidya nawonso l ndi r zimawavuta ngati ife, ndiye pa katchulidwe, tsiku limene uli ndi mamega a intaneti a Movitel kapena Vodacom, tsitsa mapulogalamu angapo a 6 Minute English a BBC uwasunge mu foni. Imodzi uimvere katatu, kachitatuko uziimitsa n'kumabwereza chiganizo chilichonse. Ndipo upeze mnzako mmodzi wa m'kalasi, mmodzi yekha, mupangane kuti pa ulendo wochokera kusukulu mphindi 15 zoyamba ndi Chingerezi chokhachokha. Mukakhala asanu zimathera m'nthabwala. Anthu a m'njira adzakunenani kuti mukudzionetsera, zimenezo zisiye.

Ndiye pa funso lako lija. Buku lalikulu usagule chaka chino. La kusukulu lomwelo ndi dikishonale yaing'ono ya Chipwitikizi ndi Chingerezi zikukwanira. Esplikasau pita tsiku limodzi usanalipire, ukhale kumbuyo ndi wotchi, uwerenge mphindi zimene ana alankhula Chingerezi ndi pakamwa pawo. Ngati ola lonse mphunzitsi akungolemba malamulo pa bolodi n'kumawafotokoza m'Chipwitikizi, ndi zomwe uli nazo kale kusukulu, ndalamayo ugulire mamega. Ngati ana akulankhula ngakhale theka la ola, lipira. Loweruka likubwerali unditumizire mawu ojambula a mphindi imodzi, undiuze m'Chingerezi zimene unachita dzulo kuyambira podzuka mpaka pogona, ndidzakuuze aneni amene wapunthwa nawo.