Wakfu wa ndalama, chimawakoka anthu ndi chani?

Achemwali ena a ku Mayani kuno ku Dedza anditumizira imelo sabata yatha. Akuti mchimwene wao amene ali ku Joni watumiza ndalama kukomiti ya pamzikiti n'kunena kuti imeneyi si zakaat, si sadaka wamba, ndi wakfu. Ndiye akufunsa kuti: "Ine ndimadziwa kuti wakfu ndi munda kapena nyumba, nanga ndalama zikutheka bwanji? Komanso chimampangitsa munthu kupereka zotere ndi chani pomwe kwao mavuto alipo?"

Waalaikum salaam achemwali, funso lanuli ndalikonda. Tiyambe ndi kusiyana kwake. Zakaat ndi lamulo, 2.5 pa 100 iliyonse chaka chikazungulira kwa amene chuma chake chafika pa nisab (mlingo wa chuma umene zakaat imayambira), ndipo olandira ndi magulu 8 aja a mu Surah Tawbah ndime 60, akalandira amadya zimatha. Wakfu palibe okukakamizani, koma mukapereka ndiye basi chinthucho chamangidwa, sichigulitsidwa, sichiperekedwa mphatso, abale sagawana mukamwalira, chimene chimadyedwa ndi phindu lokha. Umar, mmodzi wa anzake a Mtumiki Muhammad, atapeza malo abwino ku Khaybar anakafunsa Mtumiki (SAW) chochita nawo ndipo anauzidwa zomwezi, kuti asunge malowo koma zipatso zake apereke.

Chimene chimawakoka anthu kwambiri ine ndimati ndi imfa. Hadith (mawu a Mtumiki) imene anaifotokoza Abu Hurairah imati munthu akafa ntchito zake zimaduka kupatula zitatu, sadaka yopitilira, maphunziro othandiza anthu, ndi mwana wabwino omupemphelera. Mchimwene wanuyo akamagona ku Joni kuja atatopa ndi ntchito amaganiza kuti nanga ndikafa lero chotsala changa ndi chani, ndiye akufuna thawabu (mphoto za kwa Allah) zoti zizimutsatira kumanda ngati mmene chitsime cha Rumah chimene Uthman, mnzake wina wa Mtumiki, anagulira anthu a ku Madina chinkamwedwera tsiku ndi tsiku. Ena amaperekera mayi kapena bambo amene anatsogola kale, poona kuti mpunga wa pasadaka umadyedwa tsiku limodzi koma mjigo anthu amapopabe zaka ndi zaka. Palinso ndime 92 ya Surah Al Imran yoti simupeza ubwino mpaka mutapereka zimene mumazikonda, Abu Talha, nayenso mnzake wa Mtumiki, atangoimva anapereka munda wake wa Bayruha, ndipo masiku ano chimene timachikonda n'kuchiumira tonse ndi ndalama, tisanamizane.

Kukaika kwanu sikwachilendo ayi, ma ulama (akatswiri a maphunziro a Chisilamu) akale anatsutsanapo kwambiri chifukwa ndalama ukaigwiritsa ntchito imachoka m'manja, ndiye yamangidwa bwanji? Imam Zufar, wophunzira wa Abu Hanifa, analoleza ponena kuti iikidwe pa malonda, mpamba utsale, phindu lipite kwa osowa. Mu ufumu wa Ottoman zinafala kwambiri, m'zaka za m'ma 1500 mufti wamkulu Ebussuud anaziikira kumbuyo pomwe katswiri wina, Birgivi, ankakana. Mu 2004 bungwe loona za fiqh (malamulo a Chisilamu) la OIC, mgwirizano wa mayiko a Chisilamu, litakumana ku Muscat linavomereza, ndipo ku Bangladesh banki ina inali itayamba kale mu 1997 kupereka masatifiketi a wakfu wa ndalama.

Koma kwa ife a kuno nkhani yaikulu ndi ya malo. Munda umene mumalima mbatata ya kachewere uja si wanu nokha, ndi wambumba, amalume ndi amfumu ali ndi mawu, mwamuna ali pachikamwini sangadzuke mmawa n'kunena kuti ndaupereka kwa Allah. Ndiye wakfu ukanangokhala wa minda ndi nyumba bwenzi ukuchitidwa ndi eni magolosale akuluakulu okha. Ndalama yatsegula khomo. Mayi ogulitsa kabichi pa Lizulu atha kuponya K5,000 pa Airtel Money kapena Mpamba, wina K50,000, wa ku Joni ma rand ake, zikaphatikizana mwamanga kashopu kalendi kamene kazilipira mwalimu wa madrasa mwezi ndi mwezi. Munthu amasangalala kuti nayenso ali nalo gawo lake ngakhale ndi la njerwa 10 zokha.

Pano pokha ndikuchenjezeni, chifukwa zinandiwawa. Mzikiti wina tinasonkha chonchi ndalama n'kungoisiya kuakaunti, kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 simenti imene tinkayembekeza inachepa tikuona, ndipo chifukwa panalibe oima pa Ijumaa kutiwerengera kuti zalowa zingati zatuluka zingati, anthu anasiya kuponya. Sikuti iman (chikhulupiriro) inatha ayi, anangosowa owakhulupirira. Komanso kubwereketsa ndalama ya wakfu ndi chiongola dzanja ngati katapila kapena banki mkhonde n'kosatheka, imeneyo ndi riba, yoletsedwa m'Chisilamu.

Za mavuto akwanu, ngati mayi akusowa feteleza kapena ana abwezedwa fizi, muuzeni mosabisa, chifukwa kusamala makolo ndi udindo pomwe wakfu ndi kufuna kwake, ndipo ngakhale Abu Talha uja Mtumiki (SAW) anamulangiza kuti mundawo upite kwa abale ake. Mukamuimbira mumufunsenso kuti analemberana ndi akomiti kuti phindu lizipita kuti, akusunga ndi ndani, ndipo ndalamayo aiika pa chani isanadyedwe ndi mitengo. Akakuyankhani mundilembere, Insha Allah.