Chigayo cha bambo ndi mkangano wa Fatah ndi Hamas

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi kwawo bambo wina analemba kuti Apalestina amaphana okhaokha, ndiye palibe chowamvera chisoni. Mayiwa akufunsa ngati n'zoona, ndipo ngati n'zoona wolakwa ndani, eni akewo kapena mayiko akunja.

Mayi, imelo yanu ndinaiwerenga katatu, kenako ndinaika foni pansi n'kukakhala pakhonde. Mawu akuti "amadyana okhaokha" ndinawamvapo pamsika wa kwathu, ndipo ankanena ife.

Bambo atamwalira anasiya chigayo. Achimwene aakulu anati ndi chawo poti ndiwo oyamba kubadwa, ndiwonso ankayenda ndi bambo kukagula dizilo ndi malamba. Achimwene achiwiri anati iwo ndi amene amaswera m'chigayomo, ufa uli mbuu m'mutu, pomwe akuluwo amangotulukira madzulo kudzawerenga ndalama. Onse ankanena zoona, ndipo vuto linali pomwepo. Ndiye kunabwera wamalonda wina wa pamsikapo, munthu wokoma pakamwa. Masana anabwereka akulu ndalama zoyendera kukhoti. Usiku anaitana achiwiri n'kuwauza kuti musagonje, sinthani loko. Lokoyo anagula ndi iye yemwe. Kwa amfumu tinapitako kanayi. Ulendo uliwonse ankagwirana chanza, amalume n'kupha nkhuku, mayi misozi ili chuchuchu ndi chimwemwe, koma Lamulungu lisanafike mpungwepungwe wabukanso. Patatha zaka zitatu injini inachita dzimbiri, ndipo malowo anagula wamalonda uja pamtengo wozizira. Ine ndinali kusekondale, fizi inkachokera m'chigayomo. Temu yathunthu ndinakhala pakhomo kudyetsa mbuzi.

Kwa nthawi yaitali ndinkadana ndi wamalondayo yekha. Pano ndakula, ndipo ndimakumbukira zomwe agogo ankanena, kuti mfiti ya kutali siilowa m'nyumba popanda wa m'banjamo kuitsegulira. Loko anagula ndi mlendo, inde, koma anakhoma pachitseko ndi m'bale wanga.

Ndisanapite patali, chigayo si dziko. Ife panalibe asilikali otizungulira. West Bank ndi Gaza, madera awiri okhala Apalestina, zinalandidwa ndi Israel pankhondo ya 1967, ndipo mkangano wonse wa Apalestina umachitikira mkati mwa mpanda umenewo. Woiwala zimenezi wayamba kale kunama.

Koma kuphana kunachitikadi. Fatah ndi chipani chakale cha Yasser Arafat, chomwe chinatsogolera Apalestina posaina mgwirizano wa mtendere wa Oslo ndi Israel mu 1993 n'kupatsidwa kaboma kopanda mano. Hamas, gulu lachisilamu la ndale ndi zida, inabadwa mu 1987 ku Gaza pansi pa Sheikh Ahmed Yassin, ndipo Oslo inamukana. Arafat anamwalira mu 2004, Mahmoud Abbas n'kulowa m'malo. Pa chisankho cha aphungu cha Januwale 2006, Hamas inapeza mipando 74 mwa 132, Fatah 45. Ambiri anavotera Hamas chifukwa chotopa ndi katangale wa akuluakulu a Fatah, omwe ankamanga nyumba zosanja anthu ali m'misasa. Oyang'anira chisankho ochokera kunja anavomereza kuti chinayenda bwino.

Apa ndi pomwe wamalonda akulowera. America, yomwe inkakakamiza kuti chisankhocho chichitike, inakana kugwira ntchito ndi opambana. Pamodzi ndi European Union, Russia ndi United Nations anauza Hamas kuti ivomereze Israel, isiye ziwawa, itsatire mapangano akale. Hamas inakana. Thandizo linaimitsidwa, Israel inagwira ndalama za msonkho zomwe imatolera m'malo mwa Apalestina, aphunzitsi ndi apolisi n'kukhala miyezi osalandira malipiro. Nthawi yomweyo America inkaphunzitsa asilikali okhulupirika kwa Abbas, Iran nayo ikuthira ndalama ku Hamas. Mfumu Abdullah ya Saudi Arabia inaitanira atsogoleri a Fatah ndi Hamas ku Mecca mu Febuluwale 2007, anagwirana chanza pamalo opatulika, n'kupanga boma limodzi. Mu Juni chaka chomwecho anamenyana m'misewu ya Gaza kwa masiku osakwana sabata. Anafa anthu oposa 100, ena anaponyedwa pansi kuchokera pamwamba pa nyumba zosanja. Hamas inatenga Gaza, Abbas anatsala ndi West Bank, ndipo Israel ndi Egypt anatseka zipata za Gaza.

Kuchokera pamenepo nkhuku zaphedwa zambirimbiri. Cairo 2011, Doha 2012, msasa wa Shati ku Gaza 2014, Cairo kachiwiri 2017, Algiers 2022, mpaka Beijing mu 2024 komwe anasaina magulu 14. Ndikaona zithunzi zawo akumwetulira atavala masuti, ndimaona amalume anga akupukuta mpeni.

Ndinene pano zomwe zikundipweteka, ngakhale ena akwiye. Ine sindikhulupiriranso kuti atsogoleri amenewa amalephera kugwirizana. Safuna. Abbas anasankhidwa mu 2005 kuti alamule zaka zinayi, ndipo chisankho china cha pulezidenti sichinachitikenso. Mu 2021 analengeza chisankho, kenako anachiimitsa ponena kuti Israel sikulola anthu a ku East Jerusalem kuvota. Chifukwacho chinali chenicheni, komanso aliyense ankaona kuti Fatah yagawanika ndipo ikanaluza. Chaka chomwecho Nizar Banat, munthu amene ankadzudzula boma la Abbas pa Facebook, anafera m'manja mwa achitetezo a bomalo. Mu 2017 Abbas anadula malipiro a ogwira ntchito m'boma ku Gaza n'kuchepetsa ndalama zolipirira magetsi kuti apanikize Hamas, koma mumdima munakhala amayi ndi ana, osati akuluakulu a Hamas omwe ena amakhala ku Doha, likulu la Qatar. Hamas nayo si yoyera. Mu 2019 achinyamata a ku Gaza atatuluka kudandaula za kukwera mtengo kwa zinthu, anakwapulidwa n'kutsekeredwa. Mnyamata wobadwa chaka cha chisankho chija wakula mpaka kumera ndevu asanavoterepo mphungu kapena pulezidenti. Ife kuno timatukwana andale athu, koma chala timaviika mu inki.

Ogula loko

Iran imathandiza Hamas ndi gulu lina la zida la Islamic Jihad pofuna kukhala ndi mkono pafupi ndi Israel. Qatar inalandira ofesi ya Hamas mu 2012, atsogoleri ake atachoka ku Damascus chifukwa cha nkhondo ya ku Syria. Egypt imakhala mkhalapakati, koma kuchokera pomwe Sisi anatenga boma mu 2013 yakhala ikugwetsa ngalande zapansi zomwe zinkalowetsa katundu ku Gaza, poti Hamas ndi mphukira ya gulu lachisilamu la Muslim Brotherhood, mdani wamkulu wa Sisi. United Arab Emirates imasunga Mohammed Dahlan, mkulu wakale wa chitetezo wa Fatah ku Gaza, yemwe Abbas anamuthamangitsa m'chipani mu 2011. Aliyense ali ndi mwana wake m'banjamo.

Koma wondikumbutsa kwambiri wamalonda wa kwathu ndi boma la Israel la Benjamin Netanyahu. Kuyambira 2018 ndalama za Qatar zinkalowa ku Gaza m'masutikesi, kudutsa pachipata cha Israel, boma lake litavomereza. Bezalel Smotrich, yemwe pambuyo pake anakhala nduna ya zachuma, ananena poyera mu 2015 kuti boma la Abbas ndi chimtolo pomwe Hamas ndi yaphindu kwa iwo. Nzeru yake ndi yosavuta: Apalestina akakhala ndi mitu iwiri, munthu umangoti ndikambirane ndi ndani, uku midzi ya Aisraeli ikukula mu West Bank. Chinyama chomwe ankaganiza kuti achiweta, Hamas ija, chinalumpha mpanda pa 7 Okutobala 2023, n'kupha anthu pafupifupi 1,200, ndipo Gaza yaphwasulidwa, anthu masauzande ambirimbiri afa. Marwan Barghouti, munthu wa Fatah yemwe ngakhale otsatira Hamas ambiri amamulemekeza, ali m'ndende ya Israel kuyambira 2002, ndipo posinthana akaidi dzina lake limakanidwa.

Achimwene aakulu anamwalira chaka chapitacho. Achiwiri anabwera kumaliro, anakumba nawo manda, sanayankhule kanthu. Pobwerera tinadutsa pomwe panali chigayo, pano pali golosale ndi malo oonetsera mpira.

Tsono mayi, bambo a pagulu lanuwo auzeni kuti inde, mu 2007 anaphana, ndipo atsogoleri a mbali zonse ziwiri ali ndi mlandu. Kenako muwafunse kuti mwana wa mumzinda wa Khan Younis ku Gaza wobadwa nkhondoyo itatha kale walakwa chiyani. Akakutumizirani vesi m'malo moyankha, musapitirize, gulu la kutchalitchi lingakuthereni bando pachabe.