AI pa yunivesite: tiletse, tigule pulogalamu yogwira oonera, kapena titani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa yunivesite ina m'dziko muno. Ndaifupikitsa, ndipo dzina lawo ndalibisa monga anapemphera:

"Chaka chino ma asainimenti a ophunzira anga akufanana modabwitsa. Chingerezi chake n'chosalala, koma ukamufunsa mwiniwake kuti afotokoze zimene walemba, amangoyang'ana pansi. Andiika mu komiti yolemba malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka AI. Ena mu komitimo akuti tingoletsa basi, ena akuti tigule pulogalamu yogwira oonera. Ineyo AI-yo sindiidziwa bwino. Tiyambire pati?"

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Yambirani pa chiganizo chanu chomalizacho, chakuti AI, mapulogalamu a pakompyuta amene amayankha mafunso ndi kulemba nkhani ngati munthu, simuidziwa bwino. Ndikukhulupirira kuti ambiri mu komitimo ali ngati inu, kungoti inu mwanena poyera. Koma ndiyambe ndachotsa m'njira maganizo awiri amene anzanuwo abweretsa.

Zoletsa sizitenga nthawi kuzikambirana. ChatGPT, imodzi mwa mapulogalamu a AI otchuka, inatuluka pa 30 November 2022. Mu January 2023 sukulu za boma za mumzinda wa New York zinailetsa, ndipo pofika May chaka chomwecho zinabweza chiletsocho. Kuno kwathu nkhani ndi yovutirapo, chifukwa mu April 2024 kampani ya Meta inaika Meta AI m'kati mwa WhatsApp, ndipo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anali m'gulu la mayiko oyambirira kuilandira kunja kwa America. Wophunzira safunikanso laputopu kapena intaneti ya pasukulu. Foni yake ndi kabandulo zakwana. Mukaletsa, amene adzamvere ndi ana osamala okhawo, anzawo akupitiriza mobisa n'kumakolola malikisi.

Za pulogalamu yogwira oonerayo ndiye ndikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene mungalakwire mwana wa eni. Kampani ya OpenAI, imene inapanga ChatGPT, inatulutsa pulogalamu yake yozindikira zolemba za AI mu January 2023. Eniakewo ananena okha kuti inkagwira zolemba za AI 26 zokha pa 100 zilizonse, komanso kuti pa zolemba za anthu enieni, 9 pa 100 zilizonse inkazinamizira kuti n'za makina. Mu July 2023 anaitseka chifukwa sinkalondola. Chaka chomwecho akatswiri a ku Stanford University anayesa mapulogalamu angapo otere pa nkhani zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo nkhani zoposa theka zinaweruzidwa kuti n'za AI, pamene za ana a sukulu a ku America zinkadutsa bwinobwino. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mapulogalamuwa amakayikira cholemba chimene mawu ake ndi odziwikiratu komanso ziganizo zake n'zofanana kamangidwe. Nanga si umu ndi mmene ana athu ambiri amalembera? Anaphunzira Chingerezi m'kalasi, amasankha mawu amene akuwadziwa bwino, ndipo amatsata ndondomeko imene anawaphunzitsa pokonzekera MSCE. Mwana wochokera ku CDSS amene wavutika yekha usiku wonse akhoza kugwidwa, pamene wochenjera amene wauza AI kuti isinthe kalembedwe akupulumuka.

Vanderbilt University ku America inazimitsa gawo lozindikira AI la Turnitin, pulogalamu yogwira oonera, mu August 2023, ndipo University of Cape Town nayonso inasiya kuligwiritsa ntchito mu 2025. Ife bwanji tiwononge madola, amene akusowa kale m'dziko muno, pa chinthu chimene anzathu akuchitaya? Ngati sukulu yanu ili kale ndi pulogalamu yotere, lembani m'malamulo anu momveka kuti nambala imene yatulutsa siikwanira kutengera wophunzira ku komiti yosungitsa mwambo. Ikhale chifukwa chomuitanira kuti mucheze naye, basi.

Tsopano poyambira penipeni: aphunzitsi. Musanalembe lamulo ngakhale limodzi, pemphani kuti dipatimenti yonse ikhale pansi masana amodzi, aliyense atatenga foni yake ndi funso la asainimenti limene anapereka chaka chatha. Aliyense alipereke kwa AI, awerenge yankho, alichonge ngati mmene amachongera la wophunzira. Ena adzadabwa kuona kuti funso limene akhala akulibwereza zaka zambiri likuyankhidwa m'masekondi ochepa, ndipo yankholo likukhoza. Kenako aliyense aifunse za nkhani ya kuno kwathu imene akuidziwa bwino, kaya ndi malamulo a malo, kaya mbiri ya dera lina, kaya ulimi wa fodya, n'kuipempha kuti itchule mabuku amene yatengamo. Akafufuze mabukuwo ku laibulale kapena pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti lofufuzira zolemba za akatswiri. Kawirikawiri ena mwa iwo sapezeka, chifukwa kulibe.

Izi zimachitika chifukwa cha mmene makinawa anapangidwira. Anawaphunzitsa ndi zolemba zochuluka zedi kuti aziganizira mawu amene akuyenera kutsatira mawu anzake. Sanapangidwe kuti azisiyanitsa choona ndi chongomveka ngati choona. Ali ngati mwana waulemu amene sabwera chimanjamanja ukamutuma kumsika: chambo chikasowa, akubweretsera nsomba ina iliyonse n'kukuuza motsimikiza kuti ndi chambo. Ndipo popeza za Malawi zolembedwa pa intaneti n'zochepa poyerekeza ndi za ku Ulaya kapena America, nkhani zathu ndi zimene amapeka kwambiri. Mapulogalamu atsopano amene amafufuza pa intaneti asanayankhe achepetsako vutoli, koma sanalithetse.

Musaganize kuti ndi ana a sukulu okha amene amagwa nazo. Mu June 2023 khoti la ku New York linalipiritsa maloya madola 5,000 chifukwa chopereka milandu yakale yopeka imene ChatGPT inawapatsa. Kumayambiriro kwa 2025 khoti lalikulu la ku Pietermaritzburg ku South Africa linakumananso ndi zikalata zotchula milandu yoti kulibe. Nkhani ziwirizi muziwauza ophunzira a chaka choyamba, kenako muwachititse zomwe zija mwachita aphunzitsinu. Mwana amene wadzionera yekha kuti buku limene AI yamutchulira kulibe amamva msanga kuposa amene wangowerenga chenjezo pa bolodi.

Chachiwiri ndi kayesedwe. University of Sydney ku Australia inagawa ntchito za ophunzira m'njira ziwiri: zina zimachitika pamaso pa mphunzitsi, popanda AI, kuti atsimikize zimene wophunzira akudziwa yekha, zina ndi zomasuka, AI n'kuloledwa. Ine ndikuona kuti nzeru imeneyi ikutikwana, ndipo gawo loyambalo tili nalo kale, popeza mayeso olemba pamanja m'holo sitinawasiye. Chofunika kukonza ndi malikisi a m'kati mwa semesita, amene ambiri amachokera ku nkhani zolembera ku hostelo.

Ndikudziwa chimene munene: kalasi ya ana mazana awiri kapena atatu, mphunzitsi mmodzi, mungafunse aliyense pakamwa? Simungathe, ndipo sikofunika. Lengezani kumayambiriro kuti pa asainimenti iliyonse mudzasankha mwamaere ophunzira angapo oti adzafotokoze ntchito yawo kwa mphindi zisanu, ndipo wolephera kufotokoza zimene walemba malikisi ake adzatsika. Aliyense akadziwa kuti maere angamugwere, amawerenga n'kumvetsa zimene akupereka, ngakhale AI itamuthandiza. Mangiriraninso mafunso ku zinthu zapafupi: mitengo ya pamsika wa m'tauni mwanu, munda wa mlimi amene wophunzira wakacheza naye, zimene munakambirana m'kalasi Lachiwiri lapitali. AI ikhoza kupekanso manambala a kumunda, n'chifukwa chake muzipempha kope limene analembamo ali kumeneko, kapena zithunzi.

Pamwamba pa asainimenti iliyonse pazilembedwa chimodzi mwa izi: AI siikuloledwa, ikuloledwa pa zakutizakuti zokha, monga kukonza galamala kapena kufotokozera mutu wovuta, kapena ikuloledwa paliponse. Wophunzira naye azilemba kumapeto ziganizo ziwiri zonena pulogalamu imene wagwiritsa ntchito ndi chimene yamuchitira. Lamulo limodzi la yunivesite yonse silingakwanire, chifukwa chimene chili chinyengo mu kosi yophunzitsa kulemba Chingerezi chikhoza kukhala luso lofunika mu kosi ya kompyuta.

Malamulo anuwo akhudzenso aphunzitsi, ndipo apa musanyengerere. Ngati wophunzira ayenera kuulula, mphunzitsi amene wakonza manotsi kapena mafunso ndi AI aululenso. Malikisi aziperekedwa ndi munthu amene wawerenga ntchitoyo. Pa kafukufuku, magazini akuluakulu monga Nature ananena kale mu 2023 kuti AI singaikidwe ngati mlembi, popeza singayankhe mlandu pa zimene zalembedwa.

Pali nkhani ina imene makomiti amakonda kuiwala: zinsinsi za anthu. Chilichonse chimene mwalemba mu ChatGPT kapena Meta AI chimapita ku makompyuta a kampani kunja kwa dziko. Mu 2023 kampani ya Samsung inaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito mapulogalamuwa pa makina a kuntchito ena ataikamo zinsinsi za kampani. Taganizirani wophunzira unamwino akuikamo mbiri ya wodwala ndi dzina lake lomwe, kapena wochita kafukufuku akuikamo zimene amayi a m'mudzi anamuuza atawalonjeza kuti sizidzatuluka. Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo komiti yanu ikhale nalo patebulo. Kuika zinsinsi za anthu mu AI ndi chokhacho chimene ndingaletse popanda kukambirana.

Mawu amodzi pa za ndalama. ChatGPT yolipira yotchedwa Plus ili pa madola 20 pa mwezi, ndipo mwana amene akudalira loni sangaikwanitse. Musapereke ntchito imene wolipira yekha ndi amene angaichite bwino.

Polemba, simukuyamba pa pepala loyera. UNESCO inatulutsa malangizo a AI pa maphunziro ndi kafukufuku mu September 2023, ndipo mayunivesite 24 a Russell Group ku Britain anagwirizana mfundo zawo mu July 2023. Zonsezi zili pa intaneti mwaulere. Tengani zimene zikutikwana, chikalata chanu chisapitirire masamba awiri kapena atatu, ndipo mulembemo kuti chidzaunikidwanso chaka chilichonse, popeza mapulogalamuwa akusintha mwezi ndi mwezi. Mu komitimo muitanemo woyang'anira laibulale ndi oimira ophunzira awiri. Ophunzirawo muwatsimikizire kuti zimene anene sizikawatsata, kenako muwafunse kuti akuonetseni pa foni mmene anzawo amachitira.